Kabokosi Kamene Kanatsitsa Bwana wa Esiteti

Mwa zinthu zimene makompyuta abweretsa m'zigwa za fodya za ku Kasungu, chimene sichikambidwa mokwanira ndi kabokosi kokhala ndi kamuvi koloza pansi, kamene munthu akakadina kamatsitsa mndandanda wa mayankho oti asankhepo limodzi, ndipo akatswiri a mapulogalamu amakatcha dropdown. Cholinga chake n'kuletsa anthu kulemba zam'mutu mwawo, pakuti pa fomu ya pepala mlimi wina ankalemba "bale", wina "Burley", wachitatu "fodya basi", ndipo kalaliki ankawerenga mbewu imodzi ngati mitundu itatu.

Mabokosi ena amafuna nambala, ena tsiku, koma lilipo lovuta limene yankho lake ndi mtundu wa chinthu. Mapulogalamu ambiri a malonda amamangidwa pa chimango chokonzedwa kale, ndiko kuti pulogalamu yaikulu imene imasunga kaundula wa mitundu yonse ya zinthu zimene ikudziwa: mlimi, kalabu, belo, ngongole, risiti, lipoti, ngakhalenso mitundu ya m'kati imene ntchito yake ndi kusunga mawu achinsinsi ndi mbiri ya amene anasintha chiyani. Chimangocho chikapanda kulangizidwa chimakhuthulira kaundula yenseyo m'kabokosi, kotero kuti funso lakuti wogulitsa fodyayu ndi wamtundu wanji limatha kupereka "lipoti la mwezi" ngati yankho lovomerezeka. Mankhwala ake ndi kusefa, kumene kuli ngati kusankha fodya m'chigafa asanapite pa jeke: wolemba pulogalamu amaika lamulo loti pazioneka mitundu ya banja limodzi lokha, kapena amaitchula yekha umodziumodzi, kapenanso amachititsa kuti bokosi lachiwiri lizimvera loyamba. Njira yachitatuyi ndiyo imachititsa kuti munthu akasankha Kasungu pa maboma 28 a dziko lino, bokosi lotsatira limuonetse mafumu monga Kaomba, Mwase, Santhe, Wimbe, Chulu ndi Kaluluma, osamutayitsa nthawi ndi Mabuka wa ku Mulanje.

Anthu a ku Kasungu anaidziwa sefa yotere kompyuta isanafike. M'nthawi ya Kamuzu, lamulo la Special Crops Act linkasiyira ma esiteti fodya wa bale ndi wa fuluu, pamene mlimi wamng'ono ankapatsidwa mndandanda waufupi wa mitundu monga chikopa, msika wake n'kukhala ADMARC, ndipo zinatengera kusintha kwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti bale aoneke pa mndandanda wa munthu wamba. Lero mlimi amalembetsa ku Tobacco Commission, amapatsidwa mlingo wa makilogalamu, ndipo mabelo ake amapita ku Chinkhoma, koma mafunso akadali omwewo: ndiwe yani, ndipo ukulima chiyani.

Mlembi wa nkhani ino ali ndi chifukwa chakechake chodandaulira zimenezi. Iye ndi mlembi wa kalabu ya alimi, udindo umene anapatsidwa chifukwa amavala magalasi, ngakhale magalasiwo anagulidwa pa msika ndipo amathandiza kwambiri maonekedwe kuposa maso. Munda wake ndi woti mbuzi ya mnansi imaudutsa isanamalize kulira, komabe kwa zaka zambiri, pa mzere wofunsa mtundu wa mlimi, iye ankalemba "mlimi wamkulu" ndi zilembo zonenepa, ndipo pepala, pokhala chinthu chaulemu, silinamutsutsepo. Pulogalamu yolembetsera alimi itafika m'foni, mndandanda wake unali wosasefa, wautali woti chala chinkatopa, ndipo mlembiyu anali patsogolo kudandaula pa msonkhano kuti akatswiri a m'tauni sadziwa kuti mlimi ali ndi nazale yothirira. Chimene sanaulule pa msonkhanopo n'chakuti pakati pa "lipoti la mwezi" ndi "risiti" panali mawu okoma akuti "mwini esiteti", ndipo chala chake, chimene chimaphonya zilembo zina zonse, pamenepa chinkagwa molunjika.

Dandaulo lake linamveka, zimene sizichitikachitika, ndipo mndandanda unasefedwa moti uzimvera bokosi la kukula kwa munda. Mlembiyu atangolemba kachigawo kake ka hekitala, esiteti inazimiririka, ndipo atavomera kuti alibe balani yowotchera, fuluu nayenso anachoka, n'kutsala yankho limodzi lokha lakuti "mlimi wamng'ono wa bale", limene kabokosiko kanasankha kokha popanda kumufunsa maganizo. Mayi a kunyumba, amene akhala akunena zomwezo kwa zaka popanda magetsi kapena netiweki, anangoti, "Bambo a ana, makinawa akukudziwani bwino," ndipo anapitiriza kusoka fodya.

Kunena chilungamo, sefa ili ndi ngozi zake zimene sizikhudza ulemu wa mlembiyu. M'midzi ya fodya munthu mmodzi amatha kukhala mlimi mu Disembala, waganyu mu Febuluwale njala ikaluma, ndi venda mu Meyi, ndipo kabokosi kolola yankho limodzi kamamukakamiza kunama kawiri pa chaka. Chinanso, mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti, choncho wolemba pulogalamu angaone kuti n'koyenera kuchotsa "tenanti" pa mndandanda; koma mtundu ukachotsedwa mosasamala, zolemba zakale zimene zinali ndi yankholo zimatha kuoneka zopanda kanthu, ndipo kalaliki akangosunganso fomuyo, mbiri ya banja limene linagwira ntchito pa esiteti imafufutika, pamene banjalo likadali pomwepo, likupachika fodya.

Pempho kwa olemba mapulogalamu n'lakuti asefe ndithu, koma yankho lakale lizionekabe pa fomu yakale, pakhale malo olembapo zimene mndandanda sunaganizire, ndipo asanatseke ntchito afunse mlembi wa kalabu, ngakhale wa magalasi a pa msika. Ngati n'kotheka, mawu akuti "mwini esiteti" awasiye pansi pa mndandanda, otuwa ndi osadinika, kuti alimi ena aziwaonako poyembekeza kuti netiweki ibwere.