Chikwanje cha ku Joni

Pafupi ndi msika wa Limbe pali ngodya yomwe bambo wina wachikulire amanolerapo mipeni, masizasi ndi nkhwangwa. Ndinali chiimire pambali, phazi limodzi lili pakatoni, kudikira wosoka nsapato, pomwe panatulukira mnyamata atanyamula chinthu chokulunga m'thumba la ufa. Atamasula, anyamata a kabaza awiri anasiya kukangana za mpira. Chinali chikwanje chachitali, chakuda bii kuyambira kunsonga mpaka ku chogwirira.

"Madala, penti iyi ndiyichotsereni. Ndikufuna chiziwala."

Mkuluyo anachilandira, nkuchigogoda ndi tupa, khutu lili pafupi. "Mwachitenga kuti, achimwene?"

"Ku Joni. Achimwene anga ndiwo anandigulira."

Ndinasuzumira dzina lake: Cold Steel. Kampaniyi ndi ya ku America, koma zikwanje zake zambiri zimapangidwa ku South Africa, ndi chitsulo chomwe amachitchula kuti 1055. Nambalayo ikutanthauza kuti kaboni ali pafupifupi 0.55 peresenti. Chitsulo chotere chimanoleka msanga ndipo sichithyoka wamba ukamagwetsa nacho mtengo, koma chilibe chromium wokwanira, yemwe amafunika kuti afike 10.5 peresenti kuti chitsulo chisamachite dzimbiri. Ndiye chifukwa chake kufakitale amachiveka utoto wakuda, nkuwuwotcha kuti ukakamire.

Mkuluyo nambala zimenezi sanazitchule, koma nkhani yake inali yomweyo. "Penti iyi ndi mlonda. Mukamuchotsa ntchito, mlonda mukhala inuyo. Kumudzi ndi kuti?"

"Ku Thyolo."

"Ku Thyolo! Ndi chiperoni chija? Mukachigoneka pakhonde usiku umodzi, m'mawa mupeza chafiira."

Mnyamatayo sanagonje. Anati utotowo wayamba kale kukandika pomwe amadulira nthochi, tsopano chikwanje chikuoneka ngati chodwala zipere. Apa ndinamumvetsa. Utoto ukakandika, chinyezi chimabisala m'mikwingwirimamo, ndipo dzimbiri limayamba kudya pansi pa utoto pomwe diso silikuona.

Wa kabaza mmodzi analowerera. "Aise, ingochiponya pa mbaula. Penti ipsa yokha, ntchito yatha."

Mkuluyo anamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka anapisa dzanja pansi pa benchi nkutulutsa chikwanje china chakale. Ku mbali yake yakuthwa kunali mawanga abuluu. "Ichi mwini wake anamvera nzeru ngati zanuzo, kungoti iye anachikanikiza pa gilayinda. Taonani." Anadutsitsa tupa pabuluupo, ndipo tupa inadya chitsulo mosavuta. "Chafewa. Munganole m'mawa, masana chabuntha."

Pamenepa ndiye panagona nkhani. Chikwanje chimalimba chifukwa kufakitale amachitenthetsa mpaka kufiira, nkuchiziziritsa mwadzidzidzi, kenaka nkuchitenthetsanso pang'ono mwa muyeso kuti chisamaphwanyike. Ukachiwotchanso wekha kupyola muyesowo, kulimba kuja kumachoka ndipo sikubwerera ndi kunola. Chitsulo chimachenjeza ndi mtundu: chikafika cha pa madigiri 230 chimasanduka chachikasu, cha pa 300 chimakhala chabuluu. Mbali yakuthwa ndi yopyapyala, motero pa gilayinda imatentha m'kuphethira kwa diso, msana wa chikwanje udakali wozizira. Makala a pa mbaula ndiye amapitirira kutali manambala amenewa.

"Nanga thinala?" anafunsa mnyamatayo.

"Thinala ndi ya zija zopaka vanishi woonekera, monga za Tramontina za ku Brazil. Mukapukuta ndi kansalu, vanishi amasungunuka. Iyi ndi penti yowotcha, thinala imangoiseka. Mukagule mankhwala ochotsera penti ku hadiweya, mupake panja pomwe pali mphepo, manja mutavala magolovesi. Ngati ndalama palibe, sandipepa ndi mkono wanu."

Ndalama panalibe. Mkuluyo anamutuma sandipepa zitatu, ya 120, ya 220 ndi ya 400. Atabwera nazo, anamata tepi mbali yakuthwa ndi chogwirira, nkupanikiza chikwanjecho pathabwa, nkukulunga sandipepa ya 120 pa kachidutswa ka mtengo. Anamuonetsa kakhulidwe kake, kuchokera ku chogwirira kupita kunsonga, njira imodzi yokha, uku akuwazako madzi. Atatero anamupatsa kamtengoko nkutembenukira mayi wina yemwe anabwera ndi mpeni wodulira nsomba.

Utoto utayamba kuchoka, nkhope ya mnyamatayo inagwa. Pansi pake panalibe kuwala komwe amayembekezera. Panali chitsulo chotuwa, chodzaza ndi mizeremizere ya makina a kufakitale.

"Madala, anandigulira chakale?"

"Ndi chatsopano. Munthu angavutike bwanji kusalaza chinthu chomwe akudziwa kuti achipaka penti? Pitirizani. Musalumphire ku 220 mizere imeneyo isanathe, mungodzivutitsa kawiri."

Nsapato yanga inatha, koma sindinachoke. Pofika pa 400, thukuta lili kamukamu, mbali imodzi inayamba kunyezimira ndithu, ndipo wa kabaza uja anayesa kudziyang'anirapo ndevu. Mkuluyo anadikira kuti mnyamatayo asangalale kaye, kenaka anati: "Tsopano mukafika kunyumba, muchitsuke ndi sopo, muchikulunge ndi nsalu yonyowetsa ndi viniga kapena madzi a mandimu. Chisanduka chotuwa modera. Kutuwa kumeneko kumachedwetsa dzimbiri lofiira. Mukatero muchitsuke ndi madzi a soda, muchiumitse, mupake mafuta."

"Ndiye kuti ndakhula tsiku lonse kuti chidenso?"

Anthu anaseka, ngakhale mayi wa nsomba uja. Mkuluyo anati chisankho nchake: chowala chimafuna kupukuta ndi mafuta tsiku lililonse chikagwira ntchito, chotuwa chimakhululuka ukaiwala kamodzi. Wa kabaza anatchula oyilo wakutha wa galimoto, koma mkuluyo anakana, nati chikwanje chomwe chidzasenda nzimbe ndi kudula nyama ya mbuzi chisalawe oyilo. Mafuta ophikira opaka mopyapyala ndi okwanira, bola kumawapukuta asanayambe kunanda.

Mnyamatayo anatembenuza chikwanje chija nkuona kuti mbali inayo idakali yakuda bii.

"Imeneyo mukakhulira kwanu," anatero mkuluyo, akumasula thabwa. "Benchi yanga ikufunika. Mukamaliza mubwere nacho ndidzachinole, ndipo kunolako ndiye kolipira."