Mlendo wa kalumo kakuthwa wakanizidwa pakhomo

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ankanena za munthu wochokera kutali amene amapeza mlandu utavuta pabwalo, iye n'kuudula ndi mawu awiri okha. Masiku ano mlendo wotereyu amayenda m'thumba la buluku pamodzi ndi makiyi ndi chenje cha kabaza. Dzina lake ndi fulashi. Amasenza mayeso amene aphunzitsi achezera kutayipa usiku wonse, kalata yofunsira ntchito, mayina a kalabu ya alimi a fodya, ndi nyimbo za kwaya zobenetsa pa Chisepo.

Tsoka lake, mwininyumba, kompyuta, masiku ena amadzuka ndi mwano. Mlendo waodira, iye ali duu. Akayankha, amangolemba pakona kuti chomwe mwabayacho sakuchidziwa. Apa m'pomwe mudzi wonse umasanduka akatswiri. Uyu akuuzira fulashi, uyo akuipukuta pamalaya, winayo akuitembenuza katatu chonsecho ili ndi mbali ziwiri. Amalume ayamba kale kuwerenga achibale amene sadakondwe tsiku lomwe laputopu idafika kuchokera ku Lilongwe.

Musanapite kwa sing'anga, yambani mwaona khomo. Fumbi la mu Okutobala la m'misewu ya ku Dowa silisankha polowa, ndipo kabowo kobayapo kamatopa. Yesani kena. Pa kompyuta ya patebulo, mabowo akumbuyo ndiwo odalirika chifukwa adamatidwa pabolodi penipeni, pomwe akutsogolo amadalira kawaya kotha kusololoka. Zikakanika, zimitsani n'kuyatsanso. Kenako kabayeni fulashiyo pa kompyuta ina. Akaikananso ku Mponela, wodwala ndi mlendo. Akailandira ndi manja awiri, vuto lili kwanu.

Nthawi zina mlendo amakhala atalowa kale, koma sadapatsidwe mpando. Tsegulani Disk Management: mukamuona ali chiimire wopanda chilembo, m'patseni E kapena F, aonekera pompo. Ku Device Manager, kachizindikiro kachikasu ka ngodya zitatu kamasonyeza kuti pulogalamu yomulandira yasokonezeka. Ichotseni ndi Uninstall, muyatsenso makina, Windows iikanso yokha.

Chenjerani pamene kompyuta ikufunsani mwaulemu kuti ichite format. Apo kalumo kali m'manja mwa mwininyumba, ndipo amameta mpala. Mukangovomera, mayeso, kalata ndi kwaya yonse zapita limodzi. Kanani, mupite nayo kwa wodziwa kuvuula mafayilo, kumetako kubwere pambuyo.

Komabe tisamunyoze kwambiri mwininyumba, ali ndi zifukwa zake. Mlendo ameneyu sakana nyumba. Dzulo adagona kobenera nyimbo, dzana kosindikizira makalata, lero wafika kusukulu. Kalumo kamene akubwera nako ndi kavairasi kaja kobisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha. Mafayilo amakhala alimo, angobisidwa, choncho maliro asayambe antivirus isanagwire ntchito yake. Ndipo musati izi n'zakumudzi kokha. Vairasi ya Stuxnet, yomwe idatulukiridwa mu 2010, inkayenda pa fulashi ndipo idaononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran. Ngati idalowa kumene kuli alonda a mfuti, kuli bwanji kashopu kotseka ndi loko wa njinga?

Palinso alendo onama. Pachikuto alemba 64GB, mtengo wake wofanana ndi chipisi cha pachiwaya, koma m'kati malo ndi ochepa zedi. Mukadzaza zinthu, zina zimaonongeka mwakachetechete, n'kudzadziwika tsiku losindikiza, ana ali kale m'kalasi ndi zolembera.

Tsono abale, mwambo ndi womwe uja wakale: mlendo sachoka osatsazika. Dinani Eject musanazule, makamaka pamene ikukopera, chifukwa kuzula mwankhanza kumatha kupundula fulashi. Chinthu chofunika chisamakhale malo amodzi. Sungani china pa kompyuta, china mudzitumizire nokha pa imelo kapena pa WhatsApp. Inu aphunzitsi, potumizapo yang'anitsitsani dzina kawiri, mayeso angagwere ku gulu la makolo.