Mlendo Wobwera ndi Chingwe

Kuno ku Domasi galimoto yoleredwa bwino imayamba yamveka isanaoneke. Ikangopatuka pa msewu wa tala wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde imatsokomola, imalira, imagwedeza malata, kuti eni khomo akonzeke. Mayi amavundikira matemba a ku Chilwa n'kutuma ana kuti athamangitse nkhuku. Bambo amavala malaya. Wangongole amatulukira kuseri n'kukasowa m'chinangwa. Kulira kwa injini ndiye odi wa galimoto, ndipo takhala tikulemekezana motero kuyambira kale.

Tsono kwabwera tigalimoto tosadziwa odi. Umangoona mthunzi pazenera, potembenuka mlendo ali kale pakhonde, matemba ali poyera. Mbuzi za pa Songani, zomwe malamulo a pamsewu zinaphunzirira m'makutu, zikumangogona pakati pa njira mpaka bampala itazikhudza. Anyamata oitanira pa siteji nawonso ali ndi dandaulo. Wokwera amasuzumira, n'kumva zii, n'kuti, "Iyayi achimwene, ine zokankha ayi," basi n'kukakwera Sienta yofuka utsi, imene ikuonetsa poyera kuti ili moyo.

Mmodzi mwa eni galimoto zoterezi ndi Che Uje, mphunzitsi wopuma, amene penshoni yawo inawoloka nyanja kupita ku Japan isanagone n'komwe m'nyumba. Anaisankha pa foni ya mdzukulu wawo, inatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa Songwe. Ndi Mitsubishi Outlander, ija yamapulagi. Sabata imene inafika, bawo inaima, chifukwa akuluakulu anali kalikiliki kutsutsana kuti kodi chimenechi chimadya chiyani.

Poti nkhaniyi yasokoneza ngakhale ankhoswe, ndiiyale pano. Toyota Aqua, Prius ndi Honda Fit zina, zomwe zachuluka m'tauni ya Zomba, zimamwa petulo ndithu, kungoti pang'ono. Batire yake imadzitchaja yokha poyenda ndi pogwira mabuleki, ndipo siifuna soketi ya munthu. Nissan Leaf ilibe thanki, ilibe ekizosi, moyo wake wonse uli pa magetsi. Ya Che Uje ili pakati: mbali ina ili ndi pothira petulo, mbali ina polowetsa chingwe. Mkulu wina atamvetsa zimenezi anagwedeza mutu n'kuti ndiye kuti ili ngati munthu wodya ku ukwati ndi ku sadaka tsiku limodzi.

Pa bawo paja panali mnyamata wina wophunzira za uphunzitsi, foni ili m'manja, wofunitsitsa kutsegula maso a makolo ake. Anawauza kuti mu 2024 padziko lonse panagulidwa galimoto zamagetsi ndi zamapulagi zoposa 17 miliyoni, ndiye kuti imodzi mwa galimoto zatsopano zisanu zilizonse. Ku China zinafika pafupifupi theka. Ku Norway, pa galimoto zatsopano khumi, pafupifupi zisanu ndi zinayi zinali zamagetsi okhaokha. Ngakhale Ethiopia, mnzathu wa mu Africa momwe muno, analetsa chaka chomwecho kuitanitsa galimoto za anthu wamba zoyendera petulo ndi dizilo. Zonsezo n'zoona, ndipo akuluakulu anamvetsera mwaulemu. Atatha, mmodzi anafunsa kuti, "Ku Norway kumeneko mabampu aliko?" Wina anafunsa funso limene linamaliza msonkhano: "Zatsopano ukunenazo ndiye ziti, mwana wanga?"

Mkuluyo anagunda penipeni. Kuno galimoto yatsopano ndi imene yangolandira kumene nambala, ngakhale itakhala kuti inatumikira banja lina ku Osaka zaka khumi. Msika wathu ndi msika wa ku Japan wa zaka zapitazo, wobwera pa sitima. Anthu a kumeneko amayendetsa kumanzere monga ife, chiwongolero chili kudzanja lamanja, ndipo galimoto zawo zimayenera kupimidwa zaka ziwiri zilizonse pa mtengo wowawa, choncho amazigulitsa zikadali ndi mphamvu. Anthu a ku Japan anakonda mahayibulidi kuyambira pamene Prius inatuluka mu 1997, n'kudzaonjeza ndi Aqua mu 2011, koma zamagetsi okhaokha sanazithamangire kwenikweni. N'chifukwa chake Aqua ili mbwee pamene Leaf ndi yochita kufunafuna. Wofuna kudziwa galimoto zimene zidzadzaze pa Songani mu 2035 asavutitse nduna ndi mafunso. Angofufuza chimene amayi a ku Nagoya akupitira ku msika lero.

Musaganize kuti Che Uje anagula galimotoyi chifukwa chomvera chisoni chilengedwe. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018, ndipo palibe wa ku Domasi anasintha galimoto. Chimene chinatembenuza mitima ndi mzere wa mafuta. Mu 2022 ndalama zakunja zitasowa, kenako kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mizere n'kubwereranso kumapeto kwa 2024, anthu olemekezeka anaphunzira kugona m'galimoto pa filing'i siteshoni, bulangete pamwendo, udzudzu uli m'khutu. Mnyamata wothira mafuta, amene dzana tinkamuitana kuti "iwe", anasanduka "bwana", ndipo anayamba kulandira makadi a ukwati. Che Uje, amene anaphunzitsa mnyamata wotereyu samu, atadzimva okha akumutchula kuti "akuluakulu", analumbira kuti galimoto yawo yotsatira sidzaimanso pa mzere.

Masabata oyamba anali a ulemerero. Mafuta akangosowa, Che Uje ankapeza chifukwa chopitira ku Zomba. Ankadutsa mzere wonse pang'onopang'ono, windo ili yotsitsa, akupereka moni kwa aliyense ndi dzina lake. "Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga? Thanki yafika? Pepanitu, limbani mtima." Akafika kumapeto ankatembenuka n'kudutsanso, kuopa kuti mwina wina anamudumpha. Mayi wa m'kati mwa galimoto, uja amayankhula Chijapani ikangolizidwa, ankamumasulira malinga ndi amene akwera: akakhala abusa ndiye kuti akupemphera, akakhala wopempha lifiti ndiye kuti akukumbutsa za ndalama ya mafuta.

Koma batire ya galimoto imeneyi imalowa mayunitsi pafupifupi 12, ndipo pokhala yokalamba, ulendo wa ku Zomba ndi kubwerera umaisiya ili wefuwefu. Apa ndiye panayambira mavuto a chikhalidwe.

Mafoni atabwera tinavomereza kuti mlendo akhoza kufunsa potchajira moni asanathe. Tinazolowera. Ka foni kamangonyambita. Koma taganizani mlendo wotsika m'galimoto atakulunga chingwe pamkono, akumwetulira, maso ali pa khoma.

"Odi kuno! Ndimati ndikuoneni achimwene, papita nthawi."

"Fikani, fikani Che Uje. Kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino, kaya kuno. Alamu ali bwanji? Ana? Chifuwa chija chinatha? Ndithu, ndithu. Kodi soketi ija ya pafupi ndi zenera ikadagwirabe ntchito?"

Mungakane bwanji? Munthu wakufunsani za chifuwa. Chingwe chimalowera pazenera, kudutsa pamwamba pa mpando, n'kutenga malo a wailesi. Bambo amakhala pakhonde ndi mlendo kukambirana za mtengo wa feteleza ndi za mpunga wa ku sikimu. Mayi ali chilili pa mita, manja m'chiuno, kuonerera mayunitsi amene anagula dzulo kuti afike nawo kumapeto kwa sabata akutsika imodziimodzi. Nthawi ndi nthawi amatulukira pakhomo n'kunena mokoma kuti, "Abambo a mwana, tabwerani mundithandize kunyamula kanthu." Kanthuko n'kuloza mita ndi milomo.

Ndiye kutchaja kwake si kwa mphindi khumi. Pa soketi ya m'nyumba pamafunika maola angapo, ndiye kuti nthawi ya nsima impeza mlendo ali pomwepo, ndipo nkhuku ija inapulumuka chifukwa galimoto sinamveke imafabe. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame awa amakamuka batire ikadzaza. Potsazika, Che Uje amapisa m'thumba mwaulemu wonse n'kufunsa kuti, "Kodi ndisiyepo kangachepe ka mayunitsi?" Mwini nyumba, poti analeredwa, amati, "Aaa, zimenezo ayi, mukutinyoza." Dzanja limatuluka m'thumba msangamsanga, lopanda kanthu, ndipo usiku umenewo m'nyumbamo mumakhala msonkhano wa anthu awiri.

Anthu sanachedwe kupeza mankhwala. Poti khutu silithandizanso, anaika ana pa mphambano kuti azilondera. Mwana akangofuula kuti "Chingwe!", bambo amathamangira pa switchi yaikulu n'kuzimitsa nyumba yonse, kenako n'kutuluka nkhope ili yachisoni.

"Mwatipeza pamavuto Che Uje. Angothima kumene."

"Koma wailesi ya aneba ikulira."

"Eya, iwowo ali pa laini ina."

Anthu omwewo amene akhala zaka akutukwana kuthima kwa magetsi tsopano akuthawira komweko. Banja lina linakhala mu mdima wodzipangira mpaka madzulo chifukwa mlendo anati adikirako pang'ono, mwina abwera.

Ine pandekha sindiseka nzeru ya galimotoyi. Petulo timagula ndi madola amene tilibe, ndipo amayenda mtunda wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuphatikizapo a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti. Galimoto yomwa madzi a Shire odutsa pa Liwonde pompa ndi yanzeru kuposa yodikira sitima ya mafuta. Chovuta n'chakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi khumi limene linkaunikira ndi magetsi, ndiye masoketi ndi ochepa ndipo eni ake amadziwika ndi mayina. Komanso mtsinje uli ndi masiku ake. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Tsiku limene mafuta anasowa, magetsi n'kuthimanso zenizeni, Che Uje anagula jenereta. Jenereta imamwa petulo. Choncho anasiya galimoto pakhomo, n'kukwera kabaza, chigubu chili pamwendo, kukagula malita asanu kwa mavenda pa mtengo wa bulaki, kudzathira mu jenereta, kuti jenereta itchaje galimoto. Mdzukulu wawo anayesa kuwakumbutsa kuti galimotoyo ili ndi thanki yakeyake, ndipo petuloyo akanangothira momwemo. Anamuyang'ana mmene ankayang'anira ana olephera samu. "Ndinanena pagulu kuti galimoto yanga siimwa petulo wa pa mzere. Jenereta sinalumbire."

Amene akuvutika mwakachetechete ndi amakaniko a pansi pa mtengo wa mango. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akupima matenda a injini ndi khutu, agwira ntchito bwanji pa galimoto yosayankhula? Wina atatsegula boneti n'kuona mawaya a mtundu wa lalanje, anakumbukira kuti anamva zoti amenewo amanyamula mphamvu yotha kupha munthu, zomwe n'zoona. Anabweza sipanala m'thumba, n'kuzungulira galimoto kawiri, n'kumenya tayala ndi phazi, n'kulengeza kuti, "Bwana, vuto ndi la kompyuta." Analipiritsa ya kuyang'ana. Za mtengo wa batire ikadzafa, palibe amafuna kuyambitsa nkhaniyo pamaso pa Che Uje, monganso sitifunsa munthu wodwala ngati analemba wilo.

Chonsecho ku Kangankunde, ku Balaka konkuno, kuli miyala ya mtundu umene amapangira maginito a mamota a galimoto zamagetsi, ndipo ku Kasiya ku Lilongwe kuli graphite wolowa m'mabatire. Dothi lathu lidzakwera sitima, likatumikire banja lina zaka khumi, kenako lidzabwerere pa Songwe tidzalilipirire msonkho, n'kulitchula kuti latsopano.

Pali mphatso imodzi imene galimotoyi yapereka kwa onse a m'chigwa chino. Kale mwini galimoto akapemphedwa kunyamula odwala usiku, kapena ndiwo za pamaliro, kapena apongozi opita ku Malosa, ankati alibe mafuta, koma anthu ankasonkha n'kumugulira, iye n'kusowa pothawira. Che Uje anabweretsa yankho loti sungalisonkhere: "Ndikanakonda, koma sinatchajidwe." Mawuwa anafala msanga. Mwini Sienta akuwanena. Mwini lole ya dizilo ya mchenga anawanena kwa a nyakwawa, maso ali gwa. Loweruka lapitali mayi wina wonenepa bwino, wokhala ndi thumba la mpunga ndi nkhuku ziwiri, anaimitsa mnyamata wa kabaza ya kapalasa n'kumuuza kuti akawatule kumtunda, cha ku Mishoni. Mnyamatayo anayang'ana mayiwo, n'kuyang'ana thumba, n'kuyang'ana chitunda.

"Pepani amayi, sinatchajidwe."

"Njinga yopalasa imeneyi?"

"Eya amayi. Ineyo."

Mayiwo anamasula mfundo ya chitenje, n'kumugulira thobwa ndi zitumbuwa ziwiri, n'kukhala pa thumba lawo kudikira kuti adzaze.