Galamala ya anthu onamizira ntchito

Mwana wanga wa Fomu 4 akukonzekera MSCE, ndipo poti ukalephera Chingerezi a MANEB sakupatsa satifiketi, nyumba yonse yasanduka kalasi. Mphunzitsi wamkulu ndine, pa chifukwa chimodzi basi: ndimavala tayi.

Sabata ino tili pa progressive infinitive. Dzina lokhalo ndi loopsa, koma kanthu kake n'kochepa: to be, kenako mneni wothera ndi -ing. To be working, to be sleeping. Kamasonyeza kuti zinthu zili mkati, zikuchitika pa nthawi yomwe ikunenedwayo, ndipo kamakonda kutsatira seem, appear, happen ndi pretend.

Pa pretend paja ndinatsokomola. He pretended to be working. Abale inu, Azunguwa anandionera pati? Uyu si munthu uja amatsegula Excel 8 koloko m'mawa, nkhope atakwinya, cholembera ataluma, pomwe pansi pa desiki foni ili pa zigoli za mpira wadzulo? Abwana akamadutsa ndimapukusa mutu ngati masamu akukana, iwo n'kugwedeza mutu mokhutira. Zaka zonsezi ndinkaona ngati ndi luso langalanga, osadziwa kuti linalembedwa kale m'buku la mwana wasekondale, ndipo lili ndi malikisi.

Aneni ena salowamo, monga know, belong ndi own. Simunganene kuti he seems to be owning a car. Lamulo ili ine silindivuta, galimoto ndilibe.

Chovuta ndi must, should ndi might. Awa akafika, to amathawa, kutsala be ndi -ing basi. Ndinamufotokozera mwanayo bwinobwino, ndipo anamva kuposa mmene ndinkafunira. Loweruka alandilodi anagogoda, mwezi uli pa 9, ine n'kubisala kuseri kwa chitseko chakuchipinda, mpweya nditaugwira. Mtsikana wanga anatuluka, n'kuyankha mwaulemu wonse: “He must be sleeping.” Kumeneko n'kuganizira chabe, sananene bodza, ndipo to sanamuikemo. Kuseri kwa chitsekoko ndinanyadira ndalama za fizi.

Koma alandilodiwo ndi mphunzitsi wopuma. Anakweza mawu kuti afike mpaka kuchipinda: “He should be paying.”