Akulu, Chipewacho

Loweruka lapitali kumanda, mmodzi mwa adzukulu anandikodola: "Akulu, chipewacho." Ndinavula, poti mwambo ndi mwambo. Koma amene anakhazikitsa zovula chipewa pamaliro, ndikulumbira, onse anali ndi tsitsi.

Linali dzuwa la Okutobala, lija la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana limene achipatala amati tizilithawa. Amayi ali ndi maduku awo, abusa ali mu tenti, ife adazi tili pamtetete. Woyendetsa mwambo ndiye anayamba kuitana: akuchimuna, akuchikazi, akuntchito, amfumu, akhansala, oimira aphungu amene sanabwere. Aliyense kuyamba ndi "ine sindichulutsa gaga m'diwa." Mukamva mawu amenewo, dziwani kuti mwapsa. Kenako kuwerenga chipepeso, mpaka K500 yochokera ku Ndirande, kutchula woperekayo, mudzi wake ndi mfumu yake yomwe. Pofika poika nkhata, dazi langa linali likunyezimira ngati chiwaya cha tchipisi, ntchentche ikatera n'kuterereka, kubwerera kukaitana anzake adzaone.

Sekani, koma khungu la padazi limakalamba kusiya mwini wake akadali mnyamata. Palibe tsitsi lotchinga, ndiye cheza cha dzuwa chimalowa n'kuwononga zimene zimalimbitsa khungu. Pamabwera makwinya, mawanga, kenako timabala tokhakhala tosamva Vaseline, ndipo tina timasanduka khansa. Khungu lakuda limadziteteza, inde, koma osati kotheratu. Abale athu achialubino ndiwo amaudziwa bwino ukali wa dzuwali, ndipo iwo sakuseka.

Ndiye wina azibwera n'kumati dazi ndi chuma. Chuma chake chiti? Wometa amatilipiritsa mofanana ndi mnyamata wa tsitsi lodzaza mutu, pa ntchito ya mphindi ziwiri, n'kufunsanso kuti, "Bwana, sitayilo yanji?" Komanso nthabwala ya chumayi inafika poipa. Mu 2017 ku Milange, m'dziko la Mozambique, amuna adazi anaphedwa chifukwa anthu ena ankakhulupirira kuti m'mitu mwawo muli golide, mpaka apolisi kuchenjeza adazi kuti asamale. Golide ayi, muli ngongole za sukulu fizi basi.

Inu oyendetsa miyambo, sitikupempha zambiri. Chipewa tivula ndithu. Koma aliyense wofuna kulankhula atuluke mu tenti, adzaime pakati pathu padzuwa, mutu uli pamtunda, tione ngati akhansala angapitirire mphindi zitatu.