Ulemu kwa mayi wa nyerere

Anthu a kwa Chulu, vulani zipewa. Mayi wa nyerere takhala tikumuponda, kumuthira phulusa ndi kumutukwana m'nazale za fodya, pomwe anzathu kunja akumugula ndi ndalama zenizeni. Mu April 2025, anyamata awiri a ku Belgium anagwidwa ku Naivasha, m'dziko la Kenya, ali ndi mafumukazi a nyerere pafupifupi 5,000 m'timachubu totseka ndi thonje. Khoti linalipiritsa aliyense mashiling'i 1 miliyoni. Ambiri mwa mafumukaziwo anali a mtundu wa Messor cephalotes, nyerere zikuluzikulu zofiira zotuta mbewu. Ku Ulaya amaziweta m'nyumba, nkumakhalira pampando kuziyang'ana.

Nafenso otuta mbewu tili nawo, ndipo saonetsera ulesi. Mlimi afese fodya wake pabedi madzulo, athirire bwino, aphimbe ndi udzu. M'mawa apeza ana anu, mayi, andanda kale mzere, aliyense kambewu kukamwa. Ndani wina kuno amagwira ganyu usiku osapempha ufa kapena sopo?

Woweta akatola mfumukazi, ntchito yoyamba ndi kudziwa mtundu wake, ndipo pamenepo anthu ophunzira amakangana mpaka tambala kulira. Choyamba aone ngati ilidi nyerere, osati ngumbi. Nyerere ili ndi chiuno chothina, tinyanga topindika pakati, ndipo mapiko akutsogolo amatalika kuposa akumbuyo. Ngumbi ilibe chiuno, mapiko ake anayi ndi ofanana, ndipo kwawo nkwa chiswe, chija chimadya mitengo ya chigafa fodya ali mkati. Kenaka ayang'ane msana: wa mfumukazi ndi wotukuka, uli ndi zipsera pomwe panali mapiko. Atenge galasi lokulitsira, awerenge timfundo ta m'chiuno, kamodzi kapena tiwiri, ndi timfundo ta tinyanga. Kusankha magiredi a belo la fodya lopita ku msika wa Chinkhoma nkosavuta poyerekeza ndi zimenezi.

Mwana wa kwa Chulu safuna galasi. Mvula yoyamba ikagwa, akaona chinyerere chonenepa chikutuluka m'nthaka, amangoti mafulufute, nkuthamangira chiwaya ndi mchere. Akatswiri amachitcha Carebara vidua, mfumukazi yaikulu kwambiri pomwe antchito ake ndi tinyerere tosaoneka bwino ndi maso. Pepani mayi, kuno mtundu wanu timauzindikira ndi lilime.

Koma ulamuliro wanu ndi wosiririka. Mumauluka tsiku limodzi lokha, kukwatiwa tsiku lomwelo, kuthothola mapiko, kulowa pansi, basi. Amuna anu amafa posakhalitsa, osasiya mkangano wa chuma chamasiye kapena achibale odzalanda mbale. Mbewu yawo mumaisunga m'thupi moyo wanu wonse, nkumangoikira mazira. Mnzanu wina wa mtundu wa Lasius niger, woweteredwa ku Ulaya, anakhala zaka pafupifupi 29 pampando, popanda chisankho, popanda msonkhano wa chipani, popanda kugawa nsalu.

Wamkulu wa onse ndi mayi wa linthumbu, wa mtundu wa Dorylus. Iyeyu alibe mapiko chibadwire, sauluka, ndipo amatha kufika masentimita asanu. Amaikira mazira mamiliyoni. Banja likakula limangogawikana, mfumukazi nkuyenda pansi itazunguliridwa ndi asilikali ake. Ana ake akabwera kudzacheza usiku, nyumba yonse imatuluka panja ndi zitenje m'manja, nkhuku zikulira m'khola, agogo akuvina chimtali chopanda ng'oma. Akamachoka, mphemvu ndi nsikidzi zatheratu, osalipiritsa ngakhale tambala imodzi.

Choncho mzungu wofuna mfumukazi ya pamwamba abwere kuno mvula ikayamba. Tidzamuonetsa pomwe mzere wa linthumbu ukulowera pansi, timubwereke khasu, ife nkukaima patali ndithu. Abwere atavala kabudula.