Tcheni chatsopano, mano akale

Anyamata a kabaza pa Kamwendo ndi ku Mkanda atulukira nzeru yopulumutsira ndalama. Tcheni cha njinga yamoto chikayamba kulira, amagula chatsopano, mwina chodutsa pa Mwami kuchokera ku Chipata, n'kuchimanga okha pakhonde ndi sipanala yobwereka. Masipuloketi aja, yakutsogolo ndi yakumbuyo, amawasiya. Akuti akadali ndi mano.

Mano alipodi. Kungoti asongoka n'kupindika ngati mbedza, ndipo amakaniko amati mano otere amadya tcheni chatsopano msanga, n'chifukwa chake zitatuzi zimasinthidwira limodzi. Koma amakaniko timawadziwa, amakonda ndalama. Mnyamata wochenjera amagula matcheni atatu pothawa mtengo wa sipuloketi, yotsalayo n'kugulira sipika ndi timagetsi tothwanima. Oyilo wothira pa tcheni? Fumbi lilipo laulere.

Chikasoloka pachitunda, musanamizire katundu: thumba la mtedza ndi mbuzi imodzi basi. Ife okwera tinazindikira kale kuti matcheni a masiku ano ndi osalimba, ndipo timakumbutsana zimenezi titapanikizana anayi pampando, uku tikunenerera mtengo.